Mbiri ya Dotolo David Bruce, Amene Anafunafuna Kaodzera pa Phiri la Kasu

Munthu wocokera ku Chezi, akatsata mseu wa ku Salima napitirira pa Mvera, afika pamene mapiri alekeza, naona dziko lotentha liri cigonere pansi pace kufikira ku nyanja. Mwa mapiri otsiriza amenewo muli lina dzina lace Kasu. Siliposa anzace msinkhu, ndipo mlendo akhoza kulipitirira osafunsa za ilo. Koma dzina lace linalembedwa m'mabuku a madotolo a maiko ambiri, cifukwa kuyambira caka ca 1912 kufikira 1914 panakhala munthu wa ku Scotland pamodzi ndi mkazi wace, alikusanthula mwazi wa anthu, wa zoweta, ndi wa nyama za kuthengo, kuti adziwe cimene cidzetsa nthenda ya kaodzera. Munthuyo ndiye Sir David Bruce.

Anabadwa pa 29 Meyi 1855 ku Melbourne m'dziko la Australia, kumene atate wace, mmisiri wa makina, adamuka masiku aja anthu analikuthamangira golidi. Pokhala iye wa zaka 5, banja linabwerera kwao ku Scotland, nilikhala m'mudzi wa Stirling. Mnyamatayo sanakhalitsa pa sukulu. Anaturuka ali wa zaka 14, nakagwira nchito ya malonda ku Manchester. Ndipo popeza anali wamtali ndi wamphamvu, mtima wace wonse unali pa mpira, kufikira cibayo cinamgwetsa ali wa zaka 17. Atacira anabwerera ku mabuku. M'caka ca 1876 analowa sukulu yaikuru ya ku Edinburgh kuti aphunzire za nyama, pakuti anakonda kupenya mbalame. Koma posakhalitsa anatembenukira ku udotolo, nautsiriza m'caka ca 1881. Pogwira nchito m'mudzi wa Reigate anakomana ndi Mary Elizabeth Steele, mwana wa dotolo wa komweko, nakwatirana naye m'caka ca 1883. Caka comweco analowa udotolo wa asilikari, ndipo m'caka ca 1884 anamtuma ku cisumbu ca Malta.

Pano tiyambe taima, tinene za cipangizo cimene Bruce anadya naco moyo wace wonse, pakuti wosacidziwa sangamvetse nchito yace. Dzina lace ndi maikulosikopu. Inu nonse munaona m'mamawa dontho la mame pa tsamba la dzungu, kuti timitsempha ta tsamba tiri pansi pa donthoto tioneka tokula. Galasi losemedwa lotumphuka pakati licita momwemo. Ndipo akaika magalasi otere awiri kapena ambiri m'kacitsulo ka mphako, lina pamwamba pa linzace, nawalitsa kuunika pansi pace, kanthu kakula m'maso kufikira ka 1,000. M'caka ca 1665 Robert Hooke wa ku England anadula kacidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo, nakapenya m'galasi lotere, naona tizipinda tambirimbiri tondandalikana monga zisa za njuci. Iye ndiye anaticha maselo, ndiko kunena tizipinda. Patapita zaka zowerengeka, Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsaru wa ku Delft m'dziko la Holland, amene anadzisemera yekha magalasi ace, anaona tamoyo tirikusambira m'dontho la madzi, naonanso timbulunga ta m'mwazi. Koma panapita nthawi yaitali anthu asanazindikire tanthauzo la zimene anaonazo. M'zaka za 1838 ndi 1839 Ajeremani awiri, Schleiden ndi Schwann, anaphunzitsa kuti zomera zonse ndi nyama zonse zimangidwa ndi maselo.

Thupi la munthu liri cimodzimodzi. Monga nyumba imangidwa ndi njerwa, momwemo khungu, mnofu, mafupa ndi ubongo zimangidwa ndi maselo. Kusiyana kwace nkwakuti njerwa izi ziri zamoyo, zidya, zikula, ndipo zambiri zigawika pakati, imodzi niikhala ziwiri. Ndiko kukula kwa mwana, ndiko kupola kwa bala. Mwazi, umene tiuyesa madzi ofiira cabe, uli madzi acikasu odzala maselo: ofiira, amene anyamula mpweya kucokera m'mapapo kunka m'ziwalo zonse, ndi oyera, amene alimbana ndi matenda. M'kadontho konga njere ya mawere muli maselo ofiira monga 5,000,000. Ndipo kulinso tamoyo tina timene thupi lao lonse ndi selo limodzi lokha. Pamene Bruce anali mnyamata, Louis Pasteur ku France ndi Robert Koch ku Germany analikuonetsa kuti tina mwa ito tikalowa m'thupi la munthu ndito tidzetsa nthenda, ndi kuti nthenda iri yonse yotere iri ndi kacirombo kace kace.

Ku Malta kunali malungo obvuta asilikari. Munthu anatentha thupi, naturuka thukuta usiku, namva kuphwanya m'mfundo. Akayesa wacira, malungo nabweranso, ndipo ena anagona miyezi yambiri m'cipatala. Bruce anagula maikulosikopu, nayamba kupenya ziwalo za amene anafa. Kumapeto kwa caka ca 1886 anaona tizirombo tating'ono tobulungira m'kapamba wa msilikari, ndipo m'caka ca 1887 anatha kutiweta m'timabotolo, natilasa mwa apusi. Apusiwo anadwala nthenda yomweyo, ndipo tizirombo tomweto tinapezedwa mwa iwo. Pa nchitoyi anamthangata dotolo wa ku Malta komweko, Giuseppe Caruana Scicluna, amene anadziwa kukonza cakudya cowetera tizirombo. Ndipo tiyenera kunena kuti Bruce sanamchula monga kunayenera. Njira imene nthendayo inalowera mwa anthu sinadziwike kufikira 1905, Bruce atabwerera ndi gulu la madotolo, pamene mmodzi wa iwo, Themistocles Zammit, nayenso mbadwa ya Malta, anapeza kuti iri mu mkaka wa mbuzi. Ku Malta abusa anayenda ndi mbuzi zao khomo ndi khomo, nakama pamaso pa wogula, ndipo anthu anauyesa mkaka wotere wabwino koposa. Atauletsa kwa asilikari m'caka ca 1906, malungo aja anatsala pang'ono kutha pakati pao. M'caka ca 1920 mtundu wonse wa tizirombo timeneti unachedwa Brucella, kutengera dzina la Bruce. Ndipo abale ace a kacirombo ka ku Malta ndiwo acititsa ng'ombe kutaya bere, cifukwa cace mkaka uyenera kuwiritsidwa usanamwedwe.

Atacoka ku Malta, Bruce ndi mkazi wace anamuka ku Berlin kukaphunzira m'nyumba ya nchito ya Koch. Kumeneko Mary anaphunzira kupaka mwazi pa galasi, kuunyika m'mankhwala a utoto kuti maselo aoneke bwino, ndi kujambula zimene aona. Ana sanaone m'banja mwao. Ndipo kuyambira pamenepo kuli konse mwamuna anatumidwa, mkazi anamuka naye, si kukamphikira kokha ai, koma kukakhala pa maikulosikopu.

M'caka ca 1894 anawatuma ku Natal. Ng'ombe za Azulu zinalikufa ndi nthenda imene eni ace anaicha nagana: ng'ombe iwonda, ubweya nuimirira, maso nalira misozi, mpaka igwa. Bwanamkubwa wa Natal, Sir Walter Hely-Hutchinson, amene adamdziwa Bruce ku Malta, anampempha akaone. Anayenda monga mwezi wathunthu pa ngolo ya ng'ombe, nafika pa phiri la Ubombo m'mwezi wa Novembala, nakhala m'kanyumba ka mitengo ndi dothi. Poyamba Bruce anafuna tizirombo tonga ta ku Malta, osatipeza. Koma popenya mwazi wa ng'ombe zodwala tsiku ndi tsiku, anaona kanthu kena kalikupalasa pakati pa maselo ofiira, nikawakankha uku ndi uku. Kaonekedwe kace nkonga kansomba kosongoka mbali zonse ziwiri, kokhala ndi cipsepse m'mbali ndi kacingwe kumapeto kumene kasambira nako. Utali wace monga maselo ofiira atatu, kotero kuti 40 tondandalikana tingokwana milimita imodzi. Ndi selo limodzi lokha, koma lidya, liyenda, ndi kubala podzigawa pakati. Mtundu wa tamoyo totere uchedwa Trypanosoma, ndipo ena adationa kale mwa acule ndi mwa akavalo a ku India. Koma kuti ndito tipha ng'ombe za mu Afrika panalibe wodziwa.

Tsono panali mau awiri. Azulu anati nthendayi icokera kwa nyama za kuthengo, zimene zidetsa msipu ndi madzi. Alenje acizungu, ndi David Livingstone yemwe m'buku lace la 1857, anati kashembe ali ndi ululu m'kamwa mwace. Bruce atabwerera ku Ubombo m'caka ca 1895 anayesa mau onse awiri, ndipo mayesedwe ace ngokoma kuwamva cifukwa mwana yemwe akhoza kuwatsata. Pamwamba pa phiri panalibe kashembe, koma m'cigwa anali wambiri. Anatsitsira akavalo m'cigwa maora owerengeka, atawamanga pakamwa kuti asadye udzu kapena kumwa madzi a kumeneko. Kashembe anawaluma, ndipo anadwala. Potero msipu ndi madzi zinaturuka m'mlandu. Pamenepo anagwira akashembe m'cigwa, nakwera nao pa phiri, nawalumitsa kavalo amene sanatsike konse, iyenso anadwala. Potsiriza anatenga mwazi wa njati, ngoma ndi mbawala zooneka zabwinobwino, naulasa mwa agaru. Ndipo agaru ena anadwala, tizirombo tija nitipezedwa m'mwazi mwao. Apo mlandu unatha, ndipo onse awiri anapezedwa ndi theka la coonadi: nyama za kuthengo ndizo nkhokwe, popeza zisunga kacirombo osadwala nako, ndipo kashembe ndiye mtengatenga. M'caka ca 1899 madotolo a ku London anacha kaciromboko Trypanosoma brucei.

Nkhondo ya Mabunu inawapeza ku Natal, ndipo anatsekeredwa m'mudzi wa Ladysmith masiku 118, mwamuna alikucita opaleshoni, mkazi alikumthangata. Pa nchito imeneyo Mary analandira mendulo ya Royal Red Cross.

M'caka ca 1903 bungwe la anzeru la Royal Society linamtuma ku Uganda, kumene kaodzera analikupulula anthu m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Mliri umenewo unapha anthu oposa 200,000. Anapezako dotolo wacinyamata wa ku Italy, Aldo Castellani, amene adaona tizirombo ta Trypanosoma m'madzi a m'pfupa la msana mwa odwala ena, koma asanatsimikize kuti ndito mwini nthenda. Bruce, amene adakhala nato zaka ku Ubombo, anazindikira msanga. Anapempha nduna yaikuru ya Buganda, Apolo Kagwa, kuti mafumu atumize nchenche zoluma za m'midzi mwao, nanene ngati kwao kuli odwala. Ndipo polemba zonsezi pa mapu awiri, kunaoneka kuti kumene kuli nthenda ndi komwe kuli kashembe wa m'mbali mwa madzi. Pambuyo pace Bruce ndi Castellani anakangana zaka zambiri za amene anayamba kuona, ndipo mkanganowo sunakometse mbiri ya mmodzi wa iwo. Bruce anali munthu wa mau olunjika ndi okalipa, wosapatsa ulemu msanga kwa anzace a nchito. Anali atalakwanso pa cinthu cimodzi: anayesa kuti kashembe angonyamula kacirombo pa mlomo wace monga singano yakuda. Mjeremani Friedrich Kleine anaonetsa m'caka ca 1909 kuti kacirombo kayamba kakhala m'mimba mwa kashembe, nikasandulika m'menemo monga masabata atatu, ndipo pamenepo mpamene kashembe akhoza kupatsira nthenda, masiku onse otsala a moyo wace. Bruce, amene adabwerera ku Uganda m'caka ca 1908, anayesa yekha, nabvomera, ndipo gulu lace linatsata ulendo wa kacirombo kufikira m'timatumba ta malobvu a kashembe.

Tsopano tifike kwathu. Monga m'caka ca 1908 kaodzera anayamba kuzindikirika m'Nyasaland, ndipo odwala ambiri anapezedwa m'cigwa ca ku nyanja, cimene masiku amenewo cinali m'boma la Dowa, kufupi ndi Domira Bay. Boma linaika malire kuzinga dzikolo, niliretsa anthu kulowa ndi kuturuka mwaufulu. Madotolo anazizwa ndi zinthu ziwiri. Coyamba, kashembe wa m'mbali mwa madzi, uja wa ku Uganda, kuno kunalibe. Kunali wa m'chire yekha, amene onse anamyesa mdani wa ng'ombe osati wa anthu. Caciwiri, nthenda ya kuno inali yaliwiro. Ku Uganda munthu anakhoza kudwala zaka. Kuno pamalo polumidwa panatupa, malungo ndi mutu zinatsata, anabere naturuka, ndipo kacirombo kakafika ku ubongo munthu anayamba kuodzera usana, kusowa tulo usiku, ndi kusokonezeka nzeru, namwalira isanathe miyezi yowerengeka. M'caka ca 1910 madotolo awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapenya mwazi wa munthu amene adadwalira m'cigwa ca Luangwa, nati kacirombo kace nka mtundu watsopano, nakacha rhodesiense. Ndipo Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito ku Luangwa komweko, anaonetsa kuti kashembe wa m'chire ndiye akanyamula.

Bruce anafika kuno kumayambiriro kwa 1912, pamodzi ndi mkazi wace ndi madotolo ena, Harvey, Hamerton ndi Davey. Anasankha Kasu pa cifukwa comwe cija ca ku Ubombo: pamwamba palibe kashembe, koma dziko lace liri pafupi m'munsi, kotero kuti ciweto cikadwala pa phiri, adziwa ndithu cimene cacidwalitsa. Anamangapo nyumba zopenyeramo ndi makola a mbuzi, agaru ndi apusi. Anyamata a m'midzi anatsikira m'cigwa kukagwira akashembe amoyo, nakwera nao m'tizikwere, ndipo akashembewo anawalumitsa zoweta zabwino, pambuyo pace nawatumbula mmodzi mmodzi pansi pa galasi. Nyama ikaphedwa m'chire, mwazi wace anaulasa pomwepo mwa mbuzi, garu ndi pusi. Maina a madotolo ali pa makalata onse amene anaturuka pa Kasu. Koma amene analumidwa tsiku ndi tsiku m'dziko la nthenda yopanda mankhwala ndiwo anyamata aja, ndipo pakadapanda miyendo yao magalasi akadakhala cabe.

Anapeza kuti mwa nyama za m'cigwa ca kunsi kwa Kasu, monga imodzi mwa zitatu inali ndi tizirombo todwalitsa m'mwazi mwace. Anapezanso mtundu umene sunadziwike kale, nauca simiae cifukwa unapha apusi. Usungidwa ndi njiri, ndipo upha nkhumba zoweta m'masiku owerengeka. Ng'ombe zodwala za pa Mvera nazonso zinapenyedwa, ndipo dzina la Mvera linalowa m'makalata ao. Koma nchito yaikuru, ndi yotopetsa koposa, inali kuyesa utali wa tizirombo. Mary Bruce ndi anzace anajambula tizirombo zikwi zambiri, kali konse pa kokha, nayesa utali wace, kuti alinganize ta mwa anthu ndi ta mwa nyama ndi ta mwa kashembe. Anaitanitsanso kacirombo ka nagana kucokera ku Zululand m'caka ca 1913. Polinganiza sanapeza kusiyana, ndipo Bruce anatsimikiza kuti kaodzera wa kuno ndi nagana wa ku Ubombo ndi kacirombo kamodzi, kuti rhodesiense si watsopano konse.

Ena anamtsutsa. Dotolo wa Cijeremani, Max Taute, anadzilasa yekha mwazi wa nyama zodwala nagana, osadwala konse, nati tsono si kamodzi. Lero tidziwa kuti onse awiri anaona zoona. M'maonekedwe tizirombo tiwirito sitisiyana, ndipo galasi liri lonse silingatilekanitse. Koma m'mwazi wa munthu muli cinthu cimene ciphulitsa ka nagana, pamene ka kaodzera kali ndi cikopa cocinjiriza naco, cimene cinadziwika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Ndipo kuti nyama za kuthengo zisunga kacirombo ka anthu kunatsimikizidwa m'caka ca 1958 ku Kenya, pamene kanapezedwa mwa mbawala.

Uphungu umene Bruce anapatsa Boma unali wakuti nyama za m'dziko la kashembe ziphedwe. Sanali yekha, Dotolo George Prentice wa ku Kasungu ananena zomwezo kolimba, ndipo anthu amene njobvu ndi nguluwe zinawathera minda sakadakana. Ku Southern Rhodesia anatsata njira imeneyi zaka zambiri, napha nyama zoposa 600,000. Ife tiyesa kuti pano Bruce anafulumira, pakuti kashembe akasowa njati adya kwa njiri, kwa gwape, ndi kwa ng'ombe zomwe, ndipo pambuyo pace kunapezedwa njira zina, za misampha ndi nsaru zopakidwa mankhwala. Mankhwala a odwala iye sanawapeze. Suramin anafika m'zaka za m'ma 1920. Melarsoprol, wa kwa amene kacirombo kawafika ku ubongo, anafika m'caka ca 1949, koma anali waukali, napha monga mmodzi mwa odwala 20 olandira. Mankhwala akumwa, fexinidazole, anayesedwa pa cipatala ca Rumphi m'dziko lathu lino, ndipo bungwe la World Health Organization linawabvomereza pa kaodzera wa mtundu wa kuno m'caka ca 2024. Nthendayo ikapezekabe kwa okhala m'mbali mwa nkhalango za Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu.

M'caka ca 1914 Bruce anacoka pa Kasu nabwerera ku London, ndipo pa nkhondo yaikuru anayang'anira sukulu ya madotolo a asilikari, natsogolera ofunafuna njira zoletsera kafumbata mwa olasidwa, ndi malungo ena obwera ndi nsabwe m'maenje a nkhondo. Anapuma nchito m'caka ca 1919. Cifuwa cinambvuta m'ukalamba wace, ndipo nyengo ya cisanu iye ndi mkazi wace anakonda kukhala ku cisumbu ca Madeira. Pa mphasa yace yotsiriza anapempha kuti ali yense wodzalemba za nchito yace asaleke kunena za gawo la mkazi wace, amene dzina lace liri pamodzi ndi lace pa makalata ambiri a ku Uganda ndi a pa Kasu. Mary anamwalira pa 23 Novembala 1931, ndipo David anamtsata pa 27 Novembala, patapita masiku 4, ali wa zaka 76. Manda ao ali ku Stirling.